Khonde Lathu, Nambala Folo

Inu ana anga, makamaka iwe Tiyamike amene pakamwa pako sipatopa, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene amayi anu amatchulira khonde la nyumba yathu kuno kwa Kanduku kuti nambala folo. Nthawi zonse ndimakuuzani kuti mukawafunse eni ake, iwonso amati kafunseni bambo anu. Tinkakuzungulitsani dala chifukwa panali pangano. Tsopano eni panganolo andimasula. Ati lembani, poti anthu onse amene ndinkawachita nawo manyazi aja anaona kale ndi maso awo. Ndiye ndilemba za ntchito yanga, chifukwa nkhani ya khondeli simungaimve bwino musanadziwe kumene ndinagwira. Za ubwana wanga ku Thambani ndizidumpha, munazimva mpaka kutopa nazo.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990: pa boma

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa resitihausi ina pa boma la Mwanza, kufupi ndi msewu wopita kuchipata cha m'malire a dziko. Masiku amenewo nkhondo ya ku Mozambique inali isanatheretu, othawa kwawo anali mbwee m'midzi yathu, ndipo madalaivala a mathiraki ankagona masiku pa boma kudikirana kuti awolokere pamodzi. Anthu amenewa amadya, abale. Ine ndinalowa ngati wotsuka mbale. Eni malowo anali a Kalinde, bambo wamfupi wamawu aakulu, amene ankati akakwiya amavula chipewa n'kuchiponya pansi, kenako n'kukuuza iweyo kuti uwatolere. Koma mtima anali nawo. Tsiku lina khuki wawo anapita kumaliro ku Neno osabwerako. Madalaivala ali pabenchi akugogoda matebulo, a Kalinde anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi n'kufunsa ngati ndinaonapo nkhuku ikuphikidwa. Ndinati ndinaonapo. Anati basi, kuyambira lero ndiwe khuki, ukapsereza udya wekha ndi poto yemwe.

Sindinapsereze. Ndinaphunzira ntchitoyo m'nyengo ya kusowa, ndipo kusowa ndiye mphunzitsi wanga wamkulu. Mafuta ophikira ankati akasowa, amasowadi, mashopu onse a pa boma mbee. Ndinaphunzira kukazinga nkhuku ndi mafuta ake omwe, kukoleretsa ndiwo ndi nsinjiro, ndiponso kupanga tiyi woti dalaivala amwe osazindikira kuti shuga ndi wongonunkhiza. Amayi a ku Mozambique amene ankatigulitsa tomato anandiphunzitsa za adyo, mandimu ndi tsabola wawo uja wolilitsa munthu wamkulu, ndipo potsutsana nawo mitengo Chipwitikizi chinandilowa chokha. Posakhalitsa madalaivala ankauzana okhaokha mumsewu kuti ukafika pa Mwanza ukadye kwa a Kalinde. Bwanayo ankandiyamikira pondinyoza. Ankati mnyamata ameneyu mutu mulibe kanthu, nzeru zonse zinathawira m'manja.

M'zaka zomwezo ndinakwatira amayi anu, aNangozo, ndipo monga mwa mwambo wathu ndinadzakhala kwawo kuno, chikamwini. Sabata yoyamba yeniyeniyo ndinaganiza zowaonetsa kuti sanakwatiwe ndi munthu wamba. Iwo atapita kotunga madzi, ndinapeza anyezi m'lichero, n'kutenga mpeni, n'kuyamba kuduladula monga ndinkachitira kuntchito. Pobwera anatula ndowa pansi n'kudzandilanda mpeniwo pang'onopang'ono ngati akulanda mwana lumo. Anandifunsa ngati ndikufuna kuti mudzi wonse unene kuti anandidyetsa khuzumule, mankhwala opusitsa mwamuna aja. Anatchula makamaka achemwali awo aakulu, alamu anga a Elube, amene lilime lawo inu nomwe mukulidziwa. Ndinayesa kunena kuti kuphika ndi ntchito yanga, koma anandidula.

"Kuntchito ndinu khuki. Pano ndinu bambo. Khalani apo."

Ndinakhala. Ndipo ndinakhaladi zaka zambiri. Ndikabwera ndi kankhuku kotsala kuntchito, ankakagawira inu ana, iwo osalawa ngakhale msuzi. Sikuti ankanyansidwa, ayi. Kwa iwo kudya chophika mwamuna wawo kunali kuvomera kuti alephera ukazi. Ndinkadyetsa anthu a ku Zimbabwe, a ku Tete, a ku Joni, koma mkazi wanga sankadziwa kuti dzanja langa limakoma bwanji. Zinkandiwawa pang'ono, koma ndinazolowera.

M'zaka za m'ma 2000: pachilumba

Amene anandichotsa pa boma anali mayi wina wa ku Mozambique, a Dona Amelia. Galimoto yawo inawonongeka atangowoloka chipata, ndiye anagona kwathu masiku angapo kudikira chitsulo chochokera ku Blantyre. Atadya nkhuku yanga analowa m'khitchini osaodira, n'kudabwa kumva ndikuwayankha m'Chipwitikizi. Anandiuza kuti ali ndi nyumba za alendo pachilumba china chaching'ono m'nyanja ya mchere, ndipo akufuna munthu wodziwa Chingerezi, Chipwitikizi ndi za m'khitchini. Ine nditangomva mawu oti khitchini makutu anatsekeka, zotsalazo sindinazimve. Nditakatsanzika, a Kalinde anaponya chipewa pansi, koma tsiku limenelo anachitola okha. Kenako analowa m'khitchini n'kutuluka ndi mpeni wawo waukulu wa chigwiriro chakuda, umene sankalola munthu kuukhudza, n'kundipatsa. Anati ndisakawachititse manyazi kwa eni.

Ulendo wake unali wautali: Tete, Chimoio, kenako kutsika mpaka kugombe, n'kukwera boti la thanga. Ine munthu wa kumapiri, madzi aakulu amene ndinkawadziwa anali mtsinje wa Mwanza ukadzaza. Ndinasanza mpaka ndulu. Titafika ndinaona tinyumba tisanu ndi kamodzi tofolera ndi masamba a kokonati, tili ndondondo pamchenga, kalikonse ndi nambala yake pachitseko. M'kanyumba kalikonse munali chipinda chogona, bafa, ndi kakhitchini kake: sitovu ya gasi, kafiliji, mapoto, mbale ndi masipuni. Ndinayendera tonse, kenako ndinafunsa kuti nanga khitchini yaikulu ili kuti. A Dona anaseka mpaka kugwira chitseko. Anati kulibe. Alendo a pano amagula okha chakudya n'kudziphikira, ndipo n'chifukwa chake amabwera kuno osati kuhotela. Ntchito yanga inali yosamala makiyi, madzi ndi masilinda a gasi, kuwaonetsa alendo kayatsidwe ka sitovu, ndi kuwathandiza kugula nsomba kwa asodzi kuti asawabere. Kuphika ayi. Iwo analibe laisensi yogulitsa chakudya, komanso anapangana ndi anthu a pachilumbapo kuti mlendo wofuna chophikaphika azikadya pa kanyumba kodyera ka banja lina la komweko. Lamulo linali limodzi: mlendo akalowa m'nyumba, phazi langa lisadutse pakhomo la khitchini yake.

Ndinakulunga mpeni wa a Kalinde m'chitenje n'kuuika pansi pa sutikesi. Ndinatsala pang'ono kubwerera, koma inu munali mutayamba sukulu. Chinkandipweteka kwambiri si kuletsedwako kokha. Kwathu kuno mlendo akafika pakhomo n'kudziphikira yekha, manyazi ake ndi a mudzi wonse. Uko munthu ankachoka kutali, kukwera ndege, kukwera boti, kuti adzasende yekha anyezi. Ndipo kusenda kwake! Ndinaona mpunga ukusanduka phala. Ndinaona nsomba yabwinobwino, yongotuluka kumene m'madzi, ikuwotchedwa mpaka kukhala ngati sole ya nsapato. Bambo wina wa ku Joni anaika nkhanu yamoyo m'poto osavundikira, iyo n'kutuluka, n'kumuthamangitsa iyeyo pamodzi ndi ana ake mpaka panja. Ine ndili chilili pamchenga, manja akuyabwa.

Nzeru inabwera yokha. Lamulo linkanena za phazi, silinanene za pakamwa. Kakhitchini kalikonse kanali ndi windo loyang'ana kumbuyo, ndiye ndinayamba kumaima pamenepo. Chepetsani moto, adona. Musaitembenuze, idikireni. Mandimu pomaliza, bwana, osati pano. Tsiku lina a Dona Amelia anandipeza ndatsamira pawindo la nambala thuu ndikulamula ngati wapolisi wa pamsewu. Anayang'ana nkhope yanga, n'kuyang'ana pansi, n'kunena kuti mapazi ali pabwino, n'kupitirira. Kuyambira pamenepo ndinali khuki wa pawindo. Miyezi ya mphepo boti linkakanika kuwoloka, gasi n'kutha, ndiye ndinkaphunzitsa anthu a masuti kukoleza makala pa mbaula. Madzi a m'thanki akachepa ndinkawaonetsa kutsukira mapoto ndi mchenga ndi madzi a m'nyanja. Ambiri ankachoka akunena kuti masiku osowa gasiwo ndiwo anakoma kwambiri. Anthu a ndalama ndi choncho.

Chimene chinandidabwitsa koposa ndi chakuti m'tinyumba tambiri ophika anali amuna. Mkazi ali gone m'machira omangirira pamitengo, buku kumaso, mwamuna ali pa sitovu thukuta kamukamu, akuimba. Nditabwera patchuthi ndinawafotokozera amayi anu, ndikuyang'ana nkhope yawo chamchibisira. Anati akazi amenewo ndi aulesi, ndipo zimenezo ndi za azungu. Nkhani inathera pomwepo.

Koma kunabwera mlendo wina amene sanali mzungu. Anali a Phiri, mkulu wopuma pantchito ya njanji ku Zimbabwe. Bambo awo anali a ku Ntcheu, anapita kumigodi n'kutchona, ndiye Chinyanja ankachilankhula chothyokathyoka. Ankabwera chaka ndi chaka ndi akazi awo, amene anali ndi matenda oiwala, moti nthawi zina sankadziwa kumene ali. M'mawa uliwonse mkuluyo ankamanga epuloni, kuphika, n'kukhala pansi kuwadyetsa ndi sipuni. Tsiku lina ndili pawindo lawo ndinawafunsa mwanthabwala ngati abale awo sawaseka. Sanaseke nane. Anapitiriza kutakasa, n'kuyankha osandiyang'ana.

"Amaseka. Koma uyu akaona mbale yochokera kwa munthu wina amayang'ana kumbali. Ndisankhe chiyani, achimwene, kusekedwa kapena kumuika m'manda?"

Ndinangowauza kuti phalalo lapsa, aphule.

Mwezi wina wa February: sabata ya amayi anu

February kumeneko ndi wa mvula ndi chithukuthuku, alendo sabwera. Chaka china a Dona anandifunsa ngati mkazi wanga anaionapo nyanja. Nditati ayi, anandikalipira ngati ndalakwira iwo. Anati ndimuitane, ndipo atipatsa nambala folo, kanyumba koyandikira madzi kuposa tonse, sabata yathunthu. Anawonjeza kuti sabata imeneyo sindine wantchito, ndine mlendo, ndipo mlendo wa pano amadziphikira. Ananena akuyang'ana kwina, koma ndinaona kuti akumwetulira.

Inu munatsala ndi a Elube. Ine ndinakawachingamira amayi anu ku Tete. Anatsika basi atasenza thumba la ufa, nyemba, mfutso, ndi mthiko wawo atawukulunga m'nsalu ngati khanda. Anabwera kudzaphika, osati kudzasewera. Boti linawachita zomwe linandichita ine, moti pofika anangogwera pabedi. Chakumadzulo anadzikoka, kumanga chitenje, n'kulowa m'kakhitchini. Anafunsa kuti moto uli kuti. Ndinapotokola sitovu, n'kuyatsa machesi, gasi n'kuti bvuu! Amayi anuwa, amene ndinawaonapo akupha njoka ndi khasu osaphethira, analumpha mpaka pakhomo. Anati chinthu chimenecho sachikhudza, ndiwapezere mafuwa. Koma kunja mvula inali ikukhuthuka, makala onse atanyowa, ndipo moto wa nkhuni pafupi ndi madenga a masamba aja unali woletsedwa. Anakhala pampando, njala ikuoneka kumaso. Kenako anadzuka n'kupita pawindo. Anayang'ana uku, mchenga. Anayang'ana uko, mitengo ya kokonati ndi madzi. Anandifunsa ngati pachilumba pano pali munthu wina aliyense wa kwa Kanduku. Ndinati ndi inu nokha.

"Ndiye phikani. Koma tsekani katani."

Ndinatseka. Ndinathamanga pamvula kukatenga mpeni wa a Kalinde pansi pa sutikesi. Ndinaphikirapo mabwana, ndinaphikirapo madalaivala aukali, koma sindinachitepo mantha ngati tsiku limenelo. Ndinali ndi nsomba yogula kwa asodzi titangotsika boti. Ndinapala kokonati, kufinya mkaka wake, kukazinga adyo ndi tomato, kuika nsomba, n'kuisiya ibwate pamoto wochepa mpunga ukupsa pambali. Mandimu pomaliza. Iwo ali phee pampando, manja pamiyendo, osadziwa kuti awaike pati, chifukwa chibadwire anali asanakhalepo pansi munthu wina akuwaphikira ali bwinobwino. Anadya, maso ali pambale. Ine mtima uli m'mwamba. Atamaliza anakoka poto, kukombeza ndi chala, kenako n'kundiyang'ana ngati akundiona koyamba.

"Zaka zonsezi, madalaivala ndi amene amadya chonchi?"

Ndinaseka mpaka misozi, ndipo misozi inayo sinali ya kuseka. Sabata yonseyo ufa unakhala chimangire, mthiko chikulungire. Pofika pakati pa sabata katani anaiwalika. Tsiku lina ndikutuluka ndi tiyi ndinawapeza ali gone m'machira aja, phazi likugwedera, ngati akazi aulesi amene ankawanena. Ndinawakumbutsa mawu awo. Anati nditseke pakamwa, ndibweretse tiyiyo asanazizire. Tinayenda pamchenga ngati ana a sukulu, iwo akutola tizigoba toti adzakupatseni inu. Sindikumbukira sabata ina imene tinacheza chonchija chikwatirane.

Tsiku lonyamuka anasesa kanyumbako ngakhale ndinawauza kuti pali wosesa. Atatseka chitseko anandigwira mkono n'kunena kuti zimenezi zitsale pa nambala folo pompano, ndipo ndikakanena kumudzi adzakana pamaso pa a Elube. Ndinalonjeza. Nditabweranso patchuthi anandilozera mpando wanga pansi pa mango monga kale, ine n'kukhala.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 2010: khitchini yaikulu

Patapita zaka, banja la kanyumba kodyera lija linasamukira kumtunda, ndipo anthu a pachilumbapo anawapempha okha a Dona kuti atsegule malo odyera. Anapeza laisensi n'kuyamba kumanga khitchini yaikulu. Ankandiitana kuti ndiloze poika sitovu, poika tebulo, pokoloweka mapoto. Anaitanitsa telala kudzandiyeza jekete yoyera. Khuki wamkulu anali ine. Tsitsi linali litayera kale, koma ndinkayenda ngati ndakhala mnyamatanso. Zaka zonse za pawindo zija ndinkadikira chimenechi. Tinkayembekeza kutsegula alendo a Khirisimasi akayamba kufika.

Ndiye iwe Tiyamike unaimba foni. Amayi agwa kumunda, mkono ndi mwendo wakumanja sizikugwira, pakamwa papindika. A Dona anandiuza kuti ndinyamuke tsiku lomwelo. Anati malo anga andisungira mpaka alendo atayandikira, koma kupitirira apo adzafuna wina, chifukwa khitchini singatsegulidwe popanda khuki. Sindinawaone kulakwa.

Amayi anu ndinawapeza atatuluka kale m'chipatala. Achipatala anati moyo wapulumuka, chofunika ndi mankhwala, kulimbitsa thupi ndi kudya, koma mchere uchepe. Pa kudyapo ndiye panavuta. Alamu anga ankaphika ndi mtima wonse, zimenezo ndinene poyera. A Elube ankadzuka m'mamawa kuwaphikira phala, kuwaphera nkhuku, kuwanyengerera, kenako kuwakalipira. Amayi anu ankalandira masipuni awiri n'kutembenukira kukhoma. Munthu amene anadyetsa mudzi uno pamaliro ndi paukwati, tsopano ankamva mapoto ake akulira m'manja mwa ena, iye akudikira kudyetsedwa. Zinawadula mtima. Thupi linayamba kutha, chitenje n'kumazungulira kawiri pamene kale chinkangokwana. Ine ndili pansi pa mango, mkamwini, mpeni uli m'chikwama.

Ndikuuzeni chimene chinkandigwira, kuti musaganize kuti chinali chophweka. Choyamba, ndinalonjeza. Chachiwiri n'chimene chinali cholemera. Ndinkadziwa kuti ndikaphika kamodzi iwo n'kudya, basi, sindingachokenso. Wodwala amene wayamba kudya m'manja mwako sungamusiye pakatha sabata n'kumuuza kuti alendo akundidikira. Kuika poto pamoto kunali kutsanzikana ndi khitchini ya kuchilumba ndisanaphikemo ngakhale dzira. Ndinkadziuza kuti mwina mawa adya, mwina a Elube apeza chowakomera. Mauthenga a a Dona ankabwera pafoni, ofunsa za wodwala, koma ndinkamva funso linalo kumbuyo kwake.

M'mawa wina ndinawathandiza amayi anu kukhala tsonga. Nditawagwira mkono wabwinowo, zala zanga zinakumana, kuwonda kwake. Mkono umene unkanyamula ndowa yodzaza osapumira. Pomwepo mawu a a Phiri aja anandibwerera monga anawanenera, ndi Chinyanja chawo chothyokacho. Sindinauze munthu. Ndinakwera kabaza mpaka pa boma, n'kuzungulira msika mpaka nditapeza amayi a ku Zobue, tsidya la malire, ogulitsa kokonati. Ndinagula nsomba yaiwisi ya ku Tete, mpunga, adyo ndi mandimu.

M'khitchini sindinalowe. Ndi ya eni ake, ndipo za mapazi ndinaziphunzira kalekale. Ndinabwereka mbaula n'kuiika pakhonde, masanasana, pamene inu mukudziwa kuti njira ya kumjigo imadutsa pomwepo. Ndinamasula mpeni wa a Kalinde n'kuyamba. Amayi opita kotunga madzi anaima ndi zidebe zawo. Ena anaitana anzawo. Fungo la adyo litafika kuseri, a Elube anatulukira akupukuta manja, nkhope itasintha.

"Alamu, kodi ife tafa? Mukufuna mudzi unene kuti talephera kusamala m'bale wathu?"

Sanalankhule mwachipongwe, analankhula mopwetekedwa, ndipo ndinawamvetsa. Koma pakamwa panga panali pomangidwa ndi pangano lija. Ndinangoweramira poto. Ndiye kuchokera m'nyumba, pachitseko chotsegula, munatuluka mawu olemera aja, okoka lilime, amene masiku onsewo ankangoti eya ndi ayi.

"Achemwali, asiyeni. Ndinadyapo. Amatha."

A Elube anaima ngati awomba mtengo. Anafunsa kuti unadya kuti, liti. Amayi anu anayankha kuti ku nambala folo, ngati kuti aliyense akudziwa kumeneko. Kenako anati tiwatulutse panja. Tinawanyamula ndi mpando womwe n'kuwakhazika pakhonde. Ndinafuna kuwadyetsa, anakana, n'kutenga sipuni ndi dzanja lamanzere. Mpunga wina unkagwera pachitenje, koma sanasiye. Anamaliza mbale yonse anthu a kumjigo akuonerera. A Elube anasendera, n'kuviika chala m'poto, n'kulawa. Kenako anabwerera kuseri. M'mawa mwake ndinapeza tomato ndi anyezi zili pakhonde, ndipo ndinadziwa mwini wake.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinawaimbira a Dona. Anati ankadziwa kuyambira tsiku limene ndinakwera boti. Patapita milungu dalaivala wina wa thiraki anasiya kaphukusi pa boma. Munali jekete yoyera ija. Ndinalira, ana anga, sindibisa. M'khitchini imene ndinaloza ndekha poika sitovu sindinaphikemo ngakhale kamodzi, ndipo mpaka lero ndikaganiza pamandilasa penapake. Koma mukanati ndisankhenso, ndikanakweranso kabaza yemwe uja.

Masiku ano

Anthu anaseka, inde. Anzanga a pabawo anati khuzumule wa aNangozo ndi wochedwa kugwira koma akagwira satayanso. Ndinaseka nawo. Mmodzi wa iwo, sindimutchula, anabwera chaka chatha mozemba kudzafunsa kaphikidwe ka phala la wodwala.

Amayi anu mukuwaona nokha. Amayenda ndi ndodo, thupi linabwerera, pakamwa ndiye panachira kuposa kale. M'mawa uliwonse ndimavala jekete yanga, kukoleza mbaula, iwo n'kukhala pampando wawo kumandilamula ndi dzanja lamanzere, ngati ine pawindo paja. Tsiku lililonse amati mchere wachepa, ndipo tsiku lililonse ndimawauza kuti akakambirane ndi adokotala.

Dzulo, ndikuganiza zomaliza kulemba izi, ndinaona amayi a kumjigo akudutsa monga mwa nthawi zonse. Ndinawafunsa amayi anu mowaputa ngati ndipachike nsalu pakhonde kuti tibisale. Anandiyang'ana ndi diso lija limene anandilanda nalo mpeni tili achinyamata.

"Katani wa chiyani? Aone."

Kenako anandiuza kuti ndisiye kulemba chifukwa mpunga ukupserera, ndipo unalidi ukupserera.